Wenela Kapena Selefu: Wosewera Mpira Aganize Asanasaine

Dzuwa likapendeka pa Boma la Chiradzulu, mabwalo a masewera amadzaza ndi anyamata ndi atsikana. Ambiri a iwo adalemba kale mayeso a Fomu 4, ndipo akudikira kuti aone kumene moyo uti uwatengere. Ena amathamangitsa mpira wamiyendo, ena mpira wamanja, ndipo owerengeka, akapeza bwalo ndi mphete yake, amaponya basiketibolo. Pakati pa gulu lotere sipalephera kupezeka mmodzi wamtali kuposa anzake, wa manja aatali ndi diso lakuthwa, amene aliyense amamuuza kuti chakudya chake chili mu mpira. Popeza Limbe ndi Blantyre sizili kutali, tsiku lina munthu wa galimoto adzaima m'mbali mwa bwalo nadzamuitanira pambali, m'manja muli pepala ndi cholembera. Zimene mwanayo adzachite m'mphindi zochepa zimenezo zikhoza kulamula zaka 10 za moyo wake, ndiponso mphika wa amayi ake kumudzi.

Wosewera wolipidwa aliyense, wa kuno kwathu kapena wa kunja, amafika pa mphambano ya njira ziwiri. Njira yoyamba ndiyo kusaina kontirakiti ya zaka zingapo, malipiro ake n'kukhala odziwika, ngakhale atakhala ochepa kuposa amene iye amalakalaka. Njira yachiwiri ndiyo kukana kumangidwa nthawi yaitali, kusaina chaka chimodzi chokha kapena kudikira kuti kontirakiti yakale ithe, kuti pambuyo pake akhale mfulu yodzitsatsa yokha kwa timu iliyonse imene ipereke zambiri. Pa Chingerezi wosewera wotere amamutcha free agent. Dzinali ndi lachilendo, koma nkhani yake si yachilendo m'boma la Chiradzulu, pakuti agogo athu adaidziwa kalekale ndi maina ena: kupita pa Wenela, kapena kupita pa selefu.

Wopita pa Wenela ankadinda chala pa pangano asananyamuke. Ankapimidwa ndi dokotala, ankatengedwa mpaka ku migodi ya ku Joni, ankapeza chakudya ndi pogona, ndipo gawo lina la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalilandire atabwerera kumudzi. Koma adalibe ufulu wochoka pamene kapitawo wamuzunza. Ankayenera kupirira mpaka nthawi ya pangano itakwana. Wopita pa selefu ankadzilipirira yekha ulendo, mwina kuyenda pansi kudzera ku Tete, nakadzifunira yekha ntchito ku Salisbury, imene lero ndi Harare, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg. Ena a selefu adapeza ntchito zabwino m'nyumba za azungu, m'mahotela ndi m'mafakitale, nabwerako ndi njinga ndi makina osokera. Ena adasowa, nasanduka matchona, osatumiza ngakhale kalata. Ndipo pangano nalonso silidali chishango pa zonse: mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa pa Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi adafa pa ngoziyo. Boma lidaimitsa kalembera wa Wenela chaka chomwecho.

Palinso phunziro lina lakale kuposa limeneli, ndipo ndi la dera lomwe lino. Pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero anthu ankagwira thangata, ntchito yolipirira malo amene ankakhalapo. Wowerenga masiku a ntchitoyo adali mwini munda yemweyo, kotero kuti mwezi wa thangata unkatalika monga momwe iye wafunira. Nkhanza zimenezi zidali zina mwa zifukwa zimene Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe adaukira atsamunda mu Januwale 1915. Mwana wa ku Chiradzulu, kuposa wina aliyense, ayenera kudziwa kuti ntchito yopanda pangano lolembedwa, kumene bwana ndiye yekha wosunga chiwerengero, ndi thangata ngakhale itavala yunifolomu ya timu.

Ufulu wa wosewera wosankha timu sudabwere wokha. Ku America, m'mpikisano waukulu wa basiketibolo wa NBA, timu inkakhala ndi mphamvu yosunga wosewera ngakhale kontirakiti yake itatha. Mu 1970 Oscar Robertson, yemwe adali mtsogoleri wa bungwe la osewera, adakasuma ku khothi, ndipo mlanduwo udatha mu 1976 pamene eni matimu adavomera kumasula chingwecho. Ku Ulaya, wosewera mpira wamiyendo wa ku Belgium, Jean-Marc Bosman, adalephera kusamukira ku timu ya Dunkerque ya ku France mu 1990 chifukwa cha ndalama zimene timu yake yakale inkafuna, chonsecho kontirakiti yake idali itatha kale. Khothi la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya lidagamula momukomera mu Disembala 1995. Chigamulocho chidalemeretsa osewera ambiri obwera pambuyo pake, koma mwini wake chidamupeza zaka zake zabwino zosewera zitapita. Ufulu umenewu ndi wabwino, ndipo tiyenera kuulemekeza. Chimene tifuna kuti awerengi athu aone n'chakuti ufulu wochoka umayenda limodzi ndi mnzake, ndiye ufulu wa timu wosakufunanso.

Taonani nkhani ya Nerlens Noel. Mu 2017, ali ndi zaka 23, timu ya Dallas Mavericks idamuikira patebulo madola 70 miliyoni a zaka 4. Iye adakana, pokhulupirira kuti akadikira chaka chimodzi adzapeza zoposa pamenepo, ndipo adasaina kontirakiti ya chaka chimodzi ya madola 4.1 miliyoni. Nyengo ya masewero ili mkati adavulala chala chachikulu cha dzanja, adachitidwa opaleshoni, nasewera masewero 30 okha mwa 82. Nthawi yodzitsatsa itafika mu 2018, palibe timu imene idabwera ndi chuma chija, ndipo adapita ku Oklahoma City Thunder pa malipiro otsikitsitsa amene malamulo a NBA amalola. Mu 2021 adasumira mkhalapakati wake ponena kuti uphungu wake udamutayitsa madola 58 miliyoni. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo.

Komabe tingakhale tikunama tikati aliyense wokana amagwa. Mu Okutobala 2014 Jimmy Butler adakana madola oposa 40 miliyoni a zaka 4 amene timu ya Chicago Bulls idafuna kumupatsa. Adasewera nyengo imeneyo mwapamwamba, adalandira mphotho ya wosewera amene wapita patsogolo kuposa onse, ndipo mu Julayi 2015 timu yomweyo idamupatsa kontirakiti ya zaka 5 ya madola oposa 90 miliyoni. Iye adachita zomwezo zimene Noel adadzachita pambuyo pake. Kusiyana kwake n'kwakuti thupi lake lidapirira mpaka tsiku la msika.

Ndiponso kumangidwa nthawi yaitali kuli ndi zowawa zake. Scottie Pippen, mnzake wa Michael Jordan ku Chicago Bulls, adakulira m'banja losauka la ana 12, bambo ake ndi mbale wake onse awiri ali pa njinga za olumala. Poopa kuti kuvulala kungamulande zonse, mu 1991 adasaina mgwirizano umene udamumanga zaka 7 pa madola pafupifupi 18 miliyoni. M'zaka zimenezo ndalama za NBA zidakwera kwambiri, kotero kuti pofika 1997 padali osewera oposa 100 olandira zambiri kuposa iye, chonsecho iye adali mmodzi mwa akatswiri enieni, ndipo adathandiza timuyo kutenga chikho maulendo 6. Adadandaula kwambiri, koma banja lake lidadya zaka zonsezo, ndipo mgwirizanowo utatha adapezabe kontirakiti yaikulu ku Houston Rockets mu 1999.

Kodi tiphunzirapo chiyani pa anthu atatuwa? Palibe mmodzi wa iwo amene ankadziwa za mawa, ndipo nzeru zimene timaziona lero pa zosankha zawo tikuziona chifukwa tidaona mathero. Wosewera amene akadali pa mphambano alibe mwayi umenewo. Funso lomuthandiza ndi lakuti: ndikagwa, ndidzagwera pati? Noel atagwa adagwera pa madola mamiliyoni, chuma chimene mphunzitsi wa pulaimale sangachione moyo wake wonse. Mnyamata wa ku Namitambo kapena ku Thumbwe akakana kontirakiti, nathyoka bondo mwezi wotsatira, amagwera pa mphasa ya amayi ake, ndipo ngakhale ndalama ya minibasi yopitira ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre imachita kupemphedwa kwa achibale. Juga ya munthu wokhuta ndi ya munthu wanjala sizifanana.

Tinene mosabisa kuti kuno kwathu masewero a basiketibolo sanafike pokhala ntchito yodyetsa banja. Osewera ambiri a m'matimu a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ndi ana a sukulu kapena anthu a ntchito zina, ndipo chimene amalandira kawirikawiri ndi kangachepe ka mayendedwe kapena thandizo la fizi. Koma khomo layamba kutseguka. Mu Meyi 2021 mpikisano wa Basketball Africa League, wokhazikitsidwa ndi NBA pamodzi ndi bungwe la FIBA, udayamba ku Kigali ndi matimu 12, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe idaimirapo dziko lino m'masewero odzigulira malo m'mpikisanowo. Maso a kunja ayamba kuona ana athu. Pamene pali thandizo la fizi, wosewera aliwerengere monga malipiro enieni, pakuti satifiketi sithyoka bondo. Timu yolipirira mwana sukulu kwa zaka 3 ikhoza kukhala ikupereka zambiri kuposa yolonjeza ndalama zochuluka za m'manja kwa miyezi 6.

Chitsanzo chapafupi chili mu mpira wamanja. Mwai Kumwenda, mwana wa ku Mzimba, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, ndipo mu 2017 adalowa timu ya Melbourne Vixens ya ku Australia. Mu 2018 adaduka mtsempha wa bondo, kuvulala kumene kumakhazika munthu pansi pafupifupi chaka chathunthu. Popeza adali m'manja mwa timu yokhazikika, adalandira chithandizo, nabwerera m'bwalo mu 2019. Mu 2020 Vixens idatenga chikho, iye n'kusankhidwa wosewera wopambana pa masewero omaliza. Bondo lomwelo likadaduka pa bwalo la fumbi, mwini wake ali pa selefu, nkhani ikadathera pomwepo.

Koma mphamvu ya pepala imalingana ndi mphamvu ya amene walisaina. Gabadinho Mhango adachoka ku Big Bullets mu 2013 kupita ku South Africa, adatenga ligi ndi Bidvest Wits mu 2017, ndipo m'nyengo ya 2019/20 adagoletsa zigoli 16 ku Orlando Pirates, nakhala mmodzi mwa awiri ogoletsa kwambiri m'dzikomo. Matimu atatu mwa amene iye adasewerako adadzagulitsa malo awo mu ligi yaikulu: Wits mu 2020, Bloemfontein Celtic mu 2021, ndi Moroka Swallows mu 2024. Ku Swallows, mu Disembala 2023, mkangano wa malipiro udafika poti timu idalephera kusewera masewero awiri, ndipo osewera ambiri adachotsedwa ntchito. Ngati zotere zichitika ku dziko la ndalama, nanji kuno? Tsono asanafunse kuti timu ikulonjeza zingati, wosewera afunse amene adasewerako kale ngati ankalandira pa tsiku lake. Safunsa adadya phula.

Tisaiwalenso kuti ndalama yolembedwa lero siikhala ndi mphamvu yomweyo mawa. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene adasaina zaka 4 pa malipiro osasintha kumayambiriro kwa 2022 adaona thumba la chimanga ndi la feteleza zikumuthawa, pamene chiwerengero cha pa pepala chili chomwecho. Kontirakiti yaitali yopanda ndime yokweza malipiro chaka ndi chaka imateteza timu kuposa wosewera.

Motero tikupempha wosewera aliyense kuti asanagwire cholembera afune mayankho a mafunso awa m'pepala momwemo, osati pakamwa pa bwana. Loyamba: ndikavulala, adzalipira chipatala ndani, ndipo malipiro anga adzapitirira kwa miyezi ingati? Lachiwiri: ndani ali ndi mphamvu yothetsa mgwirizanowu nthawi isanakwane, ndipo pa zifukwa zotani? Lachitatu: chaka chomaliza n'cha yani? Makontirakiti ambiri amalembedwa kuti ndi a zaka 2 ndi china chowonjezera. Ngati wosankha za chaka chowonjezeracho ndi timu, idzamusunga wosewera pa mtengo wakale akasewera bwino, ndipo idzamutaya akavulala. Ngati wosankha ndi wosewera, mwayi womwewo uli kwa iye. Lachinayi: timu ina ikandifuna, mtengo wondimasula ndi wotani, ndipo ine ndidzalandirapo gawo lanji? Lachisanu: tikasemphana, mlandu udzakambidwa kuti?

Malamulo alipo omuthandiza amene awadziwa. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000 limalamula wolemba ntchito kupatsa wantchito chikalata chofotokoza malipiro ndi zina zonse za ntchitoyo, ndipo madandaulo amayambira ku ofesi ya za ntchito ya pa boma mpaka ku khothi la milandu ya ntchito. Mu mpira wamiyendo, malamulo a FIFA salola kontirakiti yoposa zaka 5, kapena yoposa zaka 3 kwa wosakwana zaka 18. Amalola wosewera kugwirizana ndi timu ina m'miyezi 6 yomaliza ya kontirakiti yake. Ndipo amene sanalipidwe miyezi 2 akhoza kuchoka atapereka chenjezo lolemba la masiku 15. Mu basiketibolo, wosewera sangasamukire ku timu ya dziko lina popanda kalata yomumasula yochokera ku bungwe la dziko limene ankasewera, ndipo bwalo la ku Geneva loweruza mikangano ya malipiro a osewera limamva mlandu pokhapokha ngati mbali ziwirizo zidagwirizana molemba kuti zidzapita kumeneko. FIFA ndi FIBA onse amaika malire okhwima pa kusamutsira kunja ana osakwana zaka 18. Munthu wolonjeza kutengera mwana wa Fomu 2 ku Ulaya mawa lomwe, makolo amuyang'ane kawiri.

Za mkhalapakati tinenepo pang'ono. Ejenti wabwino ndi nkhoswe: amadziwa mitengo ya pa msika, amawerenga ndime zobisika, ndipo amalankhula pamene mwana angachite manyazi. Koma iye amadya gawo la kontirakiti, ndipo ali ndi osewera ambiri. Mmodzi akagwa, iye amapitirira ndi otsala, pamene wosewera ali ndi mawondo awiri okha. Ejenti weniweni ali ndi chiphaso cha FIFA kapena cha FIBA, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa za chiphasocho ku FAM kapena ku BASMAL. Wofuna ndalama patsogolo, kapena wofuna kusunga pasipoti ya wosewera, ameneyo si nkhoswe.

Maganizo athu tsono ndi awa. Kontirakiti yoyamba ya mwana wochoka kumene pa sukulu ikhale yolembedwa, yotsimikizika, ya zaka 2 kapena 3, yokhala ndi ndime ya chipatala ndi ndime yokweza malipiro. Isafupike kwambiri, kuti kuvulala kumodzi kusamusiye pa mtetete. Isatalikenso kwambiri, kuti luso likakula asapezeke akugwira thangata. Selefu ndi ya munthu amene wakwanitsa zinthu zitatu: ali ndi ndalama zosunga zokwanira kudyetsa banja chaka chathunthu osasewera, thupi lake lilibe bala lobisika, ndipo pali matimu awiri kapena atatu amene amufuna molemba, osati mphekesera za pa wailesi kapena pa Facebook. Amene alibe zitatuzi atonole pamene papsa, pakuti sadziwa mtima wa moto.

Tidziwa kuti ena adzati tikuphunzitsa ana mantha, ndi kuti Butler sakadalemera chotero akadamvera uphungu wotere. Tikuvomera kuti wotsata njira imeneyi nthawi zina adzataya ndalama zimene akadapeza, monga adachitira Pippen. Koma kutaya phindu lowonjezera ndi kutaya zonse n'zosiyana. Pippen ankadandaula ali wokhuta, ndipo abale ake ali ndi denga pamutu pawo.

Mawu ena apite kwa aphunzitsi. Inu ndinu oyamba kuona luso la mwana, ndipo kawirikawiri ndinu amene makolo amathamangirako pepala likafika, pakuti limalembedwa m'Chingerezi cha maloya. Musakane udindo umenewu. Phunziro la Chingerezi likhoza kupatula ola limodzi lowerenga chitsanzo cha kontirakiti, ndime ndi ndime. Phunziro la masamu likhoza kuonetsa kuti K300,000 pa mwezi kwa zaka 3 ndi K10,800,000, pamene K500,000 pa mwezi kwa chaka chimodzi ndi K6,000,000. Ndi kuti wosankha yachiwiriyi ayenera kupeza K200,000 pa mwezi m'zaka 2 zotsatirazo kuti angofanana ndi mnzake. Thupi likakhala bwino n'zotheka, ndipo mwina adzapeza zoposa. Bondo likaduka sadzapeza kanthu. Anawo awerengetse okha, naone. Inu nomwe mumaidziwa mphambano imeneyi, pakuti ambiri mwa inu mudayesapo pa sikelo ntchito ya boma ya penshoni ndi sukulu ya pulaiveti yolipira zambiri mwezi uno koma yosalonjeza za teremu ya mawa.

Ndipo kwa iwe mnyamata kapena mtsikana wa pa bwalo la pa Boma: munthu wa galimoto uja akafika, umulandire mwaulemu, koma usasaine pa boneti ya galimoto. Pempha pepalalo upite nalo kunyumba, ugone nalo masiku atatu, uliwerenge pamodzi ndi aphunzitsi ako, makolo ako ndi amalume ako, ndipo ngati n'kotheka ndi mkulu wa za masewera kapena wa za ntchito pa Boma. Mukagwirizana, usunge kope lako losainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Timu yokufuna zoona idzadikira masiku atatu. Yokana kudikira yakuuza kale mmene idzachitire pa tsiku la malipiro. Agogo ako ankadinda chala pa pangano limene ambiri a iwo sankatha kuliwerenga. Iwe wakhala pa sukulu zaka 12, ndipo lako uli nayo mphamvu yoliwerenga mpaka mzere wotsiriza.